Anazula Matimati Anga, Amayi

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ndine Jesi. Chikuikireni ku Bandawe sindinakulembereni, ndipo lero ndagwira cholembera mtima ukuwira. Komabe ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo umayamba wamupatsa madzi usanamuuze za maliro.

Alamu anga NyaLongwe, akazi a achimwene Wiliyamu, ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha Elube, dzina lanu, ndipo chipumi chake ndi chanu chomwe. Achimwene akupitabe panyanja, usipa ukuphedwa ndithu. Koma chinangwa chatha, Amayi. Tizilombo toyera tija akuti kodikodi tapinda masamba kuyambira ku Tukombo mpaka ku Kande, moti kondowole tikumuona kamodzi patsiku. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mwera, tafoleranso.

Mukudabwa kuti za denga ndazidziwa bwanji, poti munandisiya ndili kum'mwera. Anandibweza. Chaka chatha kunabwera lamulo loti aphunzitsi ochokera kumpoto tibwerere kwathu, ati timaphunzitsa ana a eni ake mwaulesi dala kuti azilephera. Ine, Amayi, waulesi! Ndinawauza kuti mayi anga ndi a ku Ntcheu, anabwera kuno ali mtsikana kudzasenza zidebe za utomoni ku esiteti ya labala. Mkulu wa mu ofesi anangoloza dzina la Bambo n'kunena kuti, "Dzina ili ndi la kunyanja. Longedzani, lole ikubwera." Mabuku anga ananyowera pa lole yomweyo.

Mukukumbukira tsiku lija wailesi ya akapitawo inalengeza kuti anthu aponda pamwezi? Ndinali kamtsikana. Anthu ankafunsana ngati azunguwo aonana ndi angelo. Inu munatula chidebe n'kufunsa kuti, "Nanga akudya chiyani kumeneko? Mbewu imamera?" Anakusekani. Koma funso lanulo ndi limene linandiperekeza mpaka ku yunivesite kukaphunzira za zamoyo, ndipo ntchito yanga kum'mwera inali yomweyo: kuphunzitsa ana, ndi aphunzitsi anzanga, mmene thupi la munthu ndi mbewu zimakhalira mumlengalenga, kumene chinthu ukachitaya sichigwa pansi.

Kuno anandiponya pa sukulu ina kufupi ndi Chintheche, yopanda ngakhale botolo loyesera zinthu. Sindinadandaule kwambiri. Kenaka mnzanga amene tinaphunzira limodzi, yemwe ali kunja, ananditumizira kapaketi ka njere za matimati. Njerezo zinakhala zaka mumlengalenga, m'chombo chozungulira dziko lapansi, ndipo akatswiri ankazigawira masukulu kuti ana aone okha ngati zingamere. Ndinalira nditazigwira m'manja.

Ine ndi ana a Fomu 2 tinalima mizere iwiri kuseri kwa kalasi. Mzere wina tinabzala njere zakumwambazo, wina njere za pamsika wa Chintheche. Ana ankathirira m'mawa uliwonse, n'kumayeza msinkhu wa mbewu ndi ulusi. Atsikana amene chiyambire sanatsegulepo pakamwa m'kalasi anayamba kundiumiriza ndi mafunso mpaka belu kulira. Ndipo zinamera, Amayi. Yankho lanu ndi limenelo. Zinamera, zinachita maluwa, zinabala.

Matimati atayamba kufiira, mphekesera inayambanso kupsa. Ati NyaMhone, ndiye ineyo, wabweretsa mbewu yotseka mimba kuti akazi asabereke. Ati amalemberana ndi zigawenga zothawira kunja. Tsiku lina masana, ana ali m'kalasi, anatulukira a tcheyamani a chipani ndi anyamata awo a malaya ofiira. Mukuwadziwa a tcheyamaniwo. Ndi a Chiumia aja amene Bambo anawavuula m'nyanja bwato lawo litagudubuka pa Kande, inu n'kuwafunditsa chitenje chanu.

Ndinagwada, ndinawalonjera mwaulemu. Anati, "Iwe, mbewu iyi inalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha ndani?"

Ndinati, "Ada, inabwera pa positi. A ku positiwo anatsegula, anaona, n'kundipatsa."

Iwo anati, "Kumwamba ndi kwa Mulungu, pansi pano ndi pa Boma. Iwe ndiwe yani wosakaniza ziwirizi? Zulani!"

Anyamata analowa m'dimba ndi nsapato. Anazula mzere woyamba, n'kuyamba wachiwiri. Ndinafuula kuti, "Umenewo ndi wa pamsika, ada, ulibe mlandu!" A Chiumia anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kunena kuti, "Onse ndi amodzi." Amayi, miyezi yonseyi ine ndi ana tinkafufuza mawu omwewo, ndipo anatuluka pakamwa pa munthu amene akupondaponda ntchito yathu. Ana anali pamawindo. Ena ankalira, koma chamumtima, poopa kuonedwa.

Matimati ofiira anawatolera m'chipewa, ati ndi umboni wopita nawo ku boma. M'mawa mwake NyaLongwe anapita kukapempha moto kwa akazi a Chiumia, n'kupeza umboniwo uli mumphika, ukubwata ndi usipa. Mankhwala otseka mimba amenewo! Kodikodi akutidyera chinangwa dera lonse, palibe wa malaya ofiira amene wabwera kudzafunsa kuti aphunzitsi, inu munaphunzira za tizilombo, tichite chiyani? Koma pa matimati a ana ndiye mphamvu zilipo.

Aphunzitsi aakulu si munthu woipa, ndi wamantha chabe. Anandiitana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, mawa pa asembule mungonena kuti munalakwitsa, mbewu ija inali yoopsa. Mawu awiri okha, nkhani ithe." Ndinaganiza za mdzukulu wanu Temwa, amene akulemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Ndinaganiza za ntchito. Achimwene nawo anati, "Mlongo, pepesa, anthu awa amasowetsa munthu." Sakunama. Tonse tikuwadziwa amene anatengedwa pa galimoto osabweranso.

M'mawa ndinaima pamaso pa ana, a Chiumia atakhala pampando pambali panga. Ndinakumbuka mmene munkanenera kuti wopepesa kwa minga amatsimphina moyo wake wonse. Ndinati, "Ana inu, munabzala nokha, munathirira nokha, munayeza nokha. Mizere yonse iwiri inamera chimodzimodzi. Zimene munaona ndi maso anu, ndi zimenezo." Ndinatsika. Panalibe woomba m'manja, ndipo sindinayembekezere.

Anandiimitsa ntchito tsiku lomwelo. Apolisi abwera kudzafunsa za mnzanga wakunja uja, anatenga ndi zithunzi za mwezi zimene ndinkaonetsa ana. Masiku ano ndimathandiza NyaLongwe kuviika chinangwa chochepa chimene chatsala, ndi kulera Elube. Anthu amene munkapemphera nawo akandiona panjira amapatukira kuthengo ngati ndili ndi khate. Zimenezi ndi zimene zikundipweteka kuposa zonse. Temwa amabwera kusukulu ali duu, ndipo ndikamufunsa amangoti, "Palibe, Amama."

Koma imvani izi musekeko. Mvula yoyamba itagwa, kudzala kwa a Chiumia kwamera matimati, obiriwira bwino, kuchokera ku nyenyeswa za umboni uja. Akazi awo awatchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. Ndadutsapo dzulo, ndinaima, ndinawayang'ana. Sindingadziwe kuti wakumwamba ndi uti, wapamsika ndi uti. Mayiwo anandiona, anatsitsa maso, n'kunena chapansipansi kuti, "Akapsa ndidzakupatsaniko, aphunzitsi."

Lolemba andiitana ku boma, ku Nkhata Bay, kuti akandiuze chigamulo. Temwa ndamusiya m'manja mwa achimwene, ndawauza kumene kuli zovala zake. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma kaya andibwezera choko, kaya andithamangitsa, kaya zina, ndikulonjezani kuti sindidzaimirira pamaso pa mwana wa munthu n'kumuuza kuti zimene anaona sanazione.

Mundiperekere moni kwa Bambo. Muwauze kuti dzina lawo landivutitsa, koma sindikulisintha.

Ndimakukondani, Amayi, lero ngati kale.

Ine mwana wanu,
Jesi