Mphaka Wanga Sapakidwa Mankhwala a Dibi

Lachitatu, Julaye 1958, kuno ku Sinda.

Kwazizira tsiku lonse, ndipo ndakangana ndi nyumba yonse. Phulusa, mphaka wanga, analumidwa pamwendo ndi mphaka mnzake sabata yatha. Ndakhala ndikumutsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere, monga ndichitira ndi ana, ndipo kabalako kanayamba kuuma. Lero mwendo watupa, ukutentha, ukutuluka mafinya, ndipo wakana ngakhale mkaka. Apa mchere walephera.

Alamu anga a Sakala abwera ndi botolo la mankhwala a ku dibi. "Mlamu, pakani awa. Nkhupakupa za ng'ombe zimafa nawo, nanji kabala aka." Ndawauza kuti mphaka amanyambita bala lake tsiku lonse, ndiye angafe ndi iyeyo. Abwerera nalo botolo lawo.

Mawa a vetenale abwera kudzaona ng'ombe ku dibi, ndipo ndimutengera komweko m'dengu. Amuna anga akuti azibambo akandiseka, ena akanena kuti ndi ufiti kuyenda ndi mphaka masana. Aseke. Chaka chino khoswe sanalawe chimanga chathu, ndipo mwa osekawo palibe amene anagonapo pansi pa nkhokwe yanga kulondera. Dengu ndaika kale pakhomo.