Ndatseka mipando ya basi, alamu akwiya

Aphungu,

Ndikudziwitseni mwaulemu wonse kuti Lachiwiri lapitali, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndinasintha liwu limodzi mu pulogalamu yathu. Pamene panali public ndinalembapo private. Chiyambire tsikulo, alamu anga akumamwa tiyi atayang'ana kukhoma.

Ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta pakampani ina ya mabasi. Ntchitoyi anandipezera ndi alamuwa, amuna a mkulu wanga, ndipo madesiki athu ndi ogundizana. Ndinalemba kalasi, kachigawo ka pulogalamu, yosunga nambala ya mipando yotsala m'basi. Zonse za m'kalasimo ndinazisiya public, zotsegukira aliyense, poti kubisira anzako zinthu ndinkakuona ngati umbombo. Ndiye kalaliki wina atadandaula kuti kompyuta ikumukaniza kugulitsa matikiti, alamu analemba kachidutswa kawo ka pulogalamu kolowa molunjika m'kalasimo n'kukweza nambala ija. Basi ya anthu 65 inagulitsa matikiti 78. Anthu 13 anatsala padepoti atakhalira zikwama zawo.

Nditatseka, kachidutswa kawo kanasiya kugwira ntchito. Iwo anangoti, "Mlamu, m'nyumba muno ndinakulowetsa ndine, lero wandikhomera kuchipinda?" Mkulu wanganso akuti, "Tangowatsegulira iwe, kaliwu kamodzi komweko." Sindikufuna kudana ndi munthu amene anandichotsa paulova. Nditsegule?

T. N.

A T. N.,

Musatsegule. Koma musakhalenso chete ngati mwaba.

Alamu anu akuganiza kuti private ndi chitseko chokhomera iwo. Awuzeni kuti liwuli silidziwa nkhope ya munthu. Limangoti nambalayo izigwiridwa ndi kalasi yake yokha. Ngakhale inu eniake mutayesa kuifikira kuchokera ku kalasi ina, kompyuta ikubwezani mopanda chisoni. Public ndiye amalola aliyense, ndipo mwaona kale kumene ufulu wotere umawasiya anthu ndi zikwama zawo. Wina adzakunyengererani kuti muike protected ngati njira yapakati. Imeneyo imatsegulira makalasi obadwa kuchokera ku kalasi yanuyo. Chilamu sichiwerengedwa.

Tsono chitani izi. Mawa tiyi muwapangire ndinu, abwana asanafike, ndipo muwafunse chimene kalaliki uja ankafuna kwenikweni. Ndikuganiza kuti pali okwera amene anabweza matikiti, mipando yawo osabwerera m'kaundula. Ngati ndi choncho, alamu anaona vuto lenileni limene inu simunalione, kungoti analikonza ndi nkhwangwa. Muwawuze zimenezo, gawo loyambalo lokha, za nkhwangwazo ayi. Kenako kalasiyo ipatseni khomo lake la public, mwachitsanzo bwezaMpando(), lomwe lizibweza mpando umodzi litayamba laona kuti tikitiyo inagulitsidwadi ndipo nambala sikupitirira kukula kwa basi. Khomolo alembe iwowo. Munthu amene wapachika yekha chitseko sadandaula kuti n'chokhoma.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musawalole kulemba khomo longolandira nambala iliyonse imene munthu walemba. Kumeneko n'kukhoma nyumba kiyi n'kumusiya pachitseko.

Musachedwenso. Kale ndili pantchito ngati yanu, ndinatseka zanga mosafotokozera mnzanga amene tinaphunzira limodzi. Ndinkalondola ndine, ndipo pulogalamuyo ikuyendabe mpaka lero. Koma iye ndi ine tikakumana mumsewu, aliyense amatulutsa foni yake n'kumayang'ana.