Zulani Pulagi Loweruka

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi mwana wathu wokonda mafunso uja. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tilipo. Ababa mwendo ukuwavutabe, koma pakamwa pokha mpamphamvu. Ndalemba papepala dala, chifukwa foni yanu imakhala m'manja mwa aliyense pakhomopo, ndipo nkhaniyi ndi ya inu nokha.

Mukudziwa mmene ndakhala ndikudzipanikizira. Masana ndimakhala kushopu ya fotokope, kulimbana ndi makina otafuna mapepala aja. Ndikaweruka ndimagwira zanga: gemu yanga yomanga tauni, kapulogalamu kondandalika ntchito za makasitomala kamene ndinalonjeza abwana, komanso gulu la pa intaneti la anthu osewera gemuyo, lomwe mikangano yake siitha. Munkandiseka kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sekani ndithu, ndagwadi. Koma sindinagwe ndekha, wina anachita kundikankha.

Ndikunena msuweni wathu Chipewa, mwana wa amalume.

Amayi atagonekedwa m'chipatala, zinthu zinandichulukira. Chipewa anabwera kuwodi atanyamula nthochi, nkhope ili yachisoni, nati ndimupatse mapasiwedi a gulu ndi a gemu kuti azindiyang'anira mpaka mphepo itadutsa. Ndinamupatsa onse, ndipo ndinamuthokoza ndi misozi. Ndinasungitsa mbuzi kwa fisi, achimwene.

Titaika maliro a amayi, mutu utayamba kugwiranso ntchito, ndinayesa kulowa. Zinakana. Mapasiwedi onse anasintha. M'gulu anandichotsa, nalengeza kuti ndinatopa ndipo ndamusiyira zonse. Pa sikirini yoyamba ya gemu, pamene panali dzina langa, tsopano pali lake, ndi chithunzi chake atapendeketsa chipewa chakecho. Munthu wosadziwa kulemba ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu!

Ndinamulondola kwawo. Ndinamupeza atakhala pakhonde akudula zikhadabo, ndipo sanadzuke nkomwe. Anati gulu ndi la amene amalisamala, ndipo anthu sangadikire munthu wolira mpaka kalekale. Anawonjezera kuti ndikafuna atha kundilola kuti ndizimuthandiza. Ine ndizimuthandiza iye! Amalume nawo anangoti chibale ndi fupa sichiwola, tisadane chifukwa cha zidole za pafoni. Ndinabwerera nditakwiya, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunatsike.

Tsono Loweruka likubwerali kuli chionetsero cha opanga magemu muholo yaikulu. Chipewa adzaima kutsogolo, atavala jekete yobwereka, kuonetsa anthu thukuta langa ngati lake. Waitana abale, waitana ndi chibwenzi chomwe.

Pali chimodzi chimene mbuli ija sidziwa. Iye amayesa kuti tauniyo imangoyandama mumlengalenga. Sanafunsepo kuti imakhala kuti. Imakhala m'kompyuta yakale ija ndinaika kuseri kwa TV yanu, poti kwanuko magetsi sathimathima, ija alamu amadandaula kuti imangolira ndi kusonkhanitsa fumbi.

Pempho langa ndi ili. Ine ndidzakhala muholomo, mpando wakumbuyo. Akadzangoyamba kudzitama, ndidzakufulashani. Mukadzaona foni yalira nkuduka, mudzazule pulagi, mudzachotsenso kabokosi ka batire kali pambali pake. Sikirini idzada bii, anthu adzamuuza kuti akonze poti ndiye mwini wake, ndipo ndikufuna ndidzaone ndi maso angawa thukuta likutsika pansi pa chipewacho. Musandiuze zokhululuka. Ndinayesa, zinakanika.

Koma sindikufuna kukunamizani, chifukwa dzanja lodzazula ndi lanu. Kompyutayo inatheratu. Wokonza uja atabwera kwanu anati ikadzazima sidzadzukanso, ndipo ine sindingakopere kalikonse popanda mapasiwedi. Gemu ndingathe kuilembanso, ili m'mutu mwanga. Koma tauni imene anthu amanga m'menemo idzapita yonse, misewu, minda, zonse.

Ndipo m'tauniyo muli nyumba ya amayi.

Mwina simukudziwa mmene inamangidwira. Masiku awo omaliza, tulo tikawakana masana, ankatenga foni yanga nkumamanga pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Anasankha chitseko chobiriwira. Anadzala maluwa mosalongosoka, mpanda nkuusiya wokhota, ndipo nditafuna kuwongola anandimenya padzanja, nati nyumba ya eni sawongola mlendo. Anaika mipando itatu pakhonde, wanu, wanga ndi wawo. Chipinda chakumbuyo sanamalize, denga lake likadali pululu.

Dzana ndinalowa m'gemumo ndi dzina labodza ngati mlendo, kuti ndikaione. Ndinapeza Chipewa wakhoma chikwangwani pachitseko chobiriwiracho, cholembedwa kuti iyi ndi nyumba yachitsanzo yomangidwa ndi mwini gemu. M'gulu walengeza kuti Loweruka adzayambira pomwepo, adzawongola mpanda ndi kumaliza denga anthu akuona, kuti aphunzire kamangidwe kabwino.

Achimwene, ndinalira pakauntala mpaka kasitomala anatenga mapepala ake nkutuluka mwakachetechete. Kuba dzina langa ndikanapirira mwina. Koma manja amene aja sadzakhudza mpanda wa amayi. Bola nyumbayo ipite momwe anaisiyira, yokhota, yopanda denga, kusiyana nkuti iye aiwongole anthu akumuombera m'manja. Ndikudziwa kuti ndikuwotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo sindikusintha.

Mukakana sindidzakudani, koma ndidzakwera basi kudzazula ndekha, ndipo chomwe ndidzataye ndi kuona nkhope yake basi. Ndinu wamkulu, mutu ukakula sulewa nkhonya. Amalume akadzafunsa, mudzati ndi ine ndinakutumani.

Chinthu chimodzi chokha mundichitire lisanafike tsikulo. Alamu anandiuza kuti mwana akaweruka kusukulu amalowa m'gemu kukathirira maluwa a agogo ake. Lachisanu mumupatse foni, musamufulumize, athirire mpaka atakhutira. Inunso mukhale naye pafupi, muone mpando wanu uli pakhonde paja. Musamuuze chifukwa chake. Akadzafunsa Lamlungu kuti nyumba ya agogo yapita kuti, mudzandiimbire, ndidzamuyankha ndekha.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti phokoso la kuseri kwa TV latsala pang'ono kutha. Ababa akuti muwatumizire mafuta opaka aja.

Ndine mlongo wanu,
Namakina