Atizulira Chitseko

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tikudzuka, kungoti amayi miyendo ija ikuwavutabe.

Ine ndatopa, achimwene. Chitulukireni kundende, bambo a Chisomo afunsira ntchito pa Golomoti ponse mpaka ku Mtakataka. Olemba ntchito akangoona chidindo cha ndende pa setifiketi yawo ya ukalipentala, amangoti, "Tikuimbirani." Pa wailesi timamva kuti boma likufuna otuluka kundende azilembedwa ntchito ngati wina aliyense, koma mawuwo kuno sanafike.

Sabata yatha bambowa anakonza chitseko cha nyumba tikuchita lendiyi, chimene chinadyedwa ndi chiswe. Alandilodi anachisirira n'kufunsa komwe anaphunzira luso lotere. Iwo sanabise. M'mawa mwake alandilodiwo anabwera ndi hamala n'kuchizula, amvekere, "Mupeze kwina, anzanu pano akuopa kuberedwa." Panopa pakhomo tapachikapo mphasa. Oopa kuberedwawo zitseko ali nazo, koma ife ndi ana tili pambalambanda.

Chonde titumizireni sowo ndi pulena, azidzipangira okha mipando pansi pa mtengo. Choyamba kukhoma chidzakhala chitseko chathuchathu, choti tizisamuka nacho.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati