Chifuwa cha Bambo Si Chachikulu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi khanda lanu. Ife kuno tadzuka, koma za bambo sindikunamizani, zinthu sizili bwino.

Mukudziwa kuti akhala akumwa mankhwala a TB. Makhololo awo sanaonetsepo kachilombo kake, koma chithunzi cha m'chifuwa chinkafanana nayo, ndiye achipatala anangowayambitsa mankhwalawo. Anamaliza onse osadumphitsa, koma kutsokomola osasiya, thupi kumangotha. Ife tinawapatula: chipinda chakuseri chija, kapu yawoyawo, mbale yawoyawo, ana osalowako. Inunso munati simungabwere ndi khanda, ndipo sindinakutsutseni.

Atayamba kulavula magazi anatitumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko dokotala anawalowetsa kapaipi m'mapapo, n'kutengamo timadzi, n'kusunga timadzito kwa masabata kuti tizilombo timere. Dzana anatiitana. Akuti si TB. Ndi kachilombo kena kosowa, kokhala m'dothi, ndipo mwina kanawalowa pa ntchito yawo ija yopanga manyowa ndi kufesa mbande. Kamadya mapapo ngati TB yomwe, koma mankhwala ake ndi ena. Awayambitsa, koma phapo lakumanja latha kale, ndipo dokotala sanatilonjeze kanthu.

Bambo anafunsa kuti ngati ichi si chifuwa chachikulu, nanga chachikulucho chimakhala chotani. Dokotala anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Chikundiwawa ndi ichi, achimwene: nthendayi sipatsirana. Chaka chonse munthu wadya yekha, kuyang'anizana ndi khoma, pachabe.

Ndawafotokozera, koma sakukhulupirira. Dzulo mwana wanga wamng'ono anathamanga kukawakumbatira. Iwo anatseka pakamwa ndi nsalu n'kumuthamangitsa mokalipa, ndipo atatuluka ndinawamva akulira. Akuti madokotala analakwitsa kamodzi, angalakwitsenso, iwo sangaphe mdzukulu.

Ine mawu anga alibe mphamvu, amandiona ngati wongowaphikira. Inu amakumverani. Chonde bwerani mwezi uno, osati wamawa, ndipo musandiuze zoti ntchito yachuluka. Bwerani ndi mwana wanuyo, sanamuonepo. Mumuike nokha m'manja mwawo. Akakana, ulendo uno musawamvere.

Moni kwa alamu, ndipo muwawerengere kalatayi yonse osadumpha mzere. Mulungu akuyendetseni bwino, muwapeze akadalankhula.

Ndine,
Mlongo wanu wamng'ono