Paipi ya Magalasi Awiri

Lachiwiri, 6 Ogasiti
Tsiku lathu la madzi, koma mpunga wanga uli ndi ludzu. Nthaka yang'aluka ngati chidendene. Wina akumatseka ngalande ndi thumba la mchenga masana, anthu akathawa dzuwa. Angakhalenso ndani? A Kaliati, a munda wakumtunda kwathu. Amuna anga a Feston akuti, "Zisiye, mayi, madzi achepa chaka chino." Kufatsa kwawoko kumandinyansa.

Lachinayi, 8 Ogasiti
Ndakumana ndi a Kaliati pamsika wa Golomoti. Kumwetulira mano onse pamtunda. Sekani, bambo. Wakuba madzi akagwidwa, komiti ya ulimi wothirira imamulanda munda. Ndikufuna ndidzawaone akulira. Vuto ndi umboni. Dambo lonse lili see, pobisala palibe.

Loweruka, 10 Ogasiti
Zaka khumi ndi zinayi ndikuphunzitsa ana za periskopu, osadziwa kuti idzandigwirira ntchito ine. Paipi yapulasitiki. Galasi langa lodzolera ndalidula pawiri, chidutswa china kumwamba, china kumunsi, zopendekeka moyang'anana. Iwe uli pansi, ukuona zapamwamba, monga amachitira a sitima zoyenda pansi pa nyanja. Ndayesera kuseri kwa bafa. Nkhuku zonse ndaziona, izo osandiona.

Lachiwiri, 13 Ogasiti
Ndinagona mu ngalande yotayira madzi kuyambira 11 koloko. Matope thupi lonse, nsonga ya paipi mu udzu, nyerere kundiluma.

Kunabwera munthu, thumba paphewa. Shati yabuluu. Ndinaisita ndekha Lamulungu.

A Feston. Kutseka ngalande yathu, madzi onse n'kukhotera m'munda wa Flora, uja amagulitsa zitumbuwa pa siteji. Mwiniwakeyo ali chilili pambali, akuseka, botolo la thobwa m'manja.

Ndinapukuta galasi kawiri. Omwewo.

Lachitatu, 14 Ogasiti
A Feston ndawasamalira monga mwa masiku onse. Madzi osamba ndawaikira, nsomba ndawakazingira. "Lero wafatsatu," akutero. Mtima ukuwira. Ndakawapepesa a Kaliati, angoti kukamwa yasa, osadziwa chomwe ndawalakwira.

Lachinayi, 15 Ogasiti
Mawa Lachisanu, tsiku lathu linanso la madzi. Ngalande ndinagonamo ija tikwanamo atatu. Wapampando wa komiti wavomera kubwera. Apongozi anga ndawauza kuti ndikawaonetse mbalame imene ikutha mpunga wathu, akuti abwera ndi legeni.

Munda wa Flora upita, dzina la a Feston nalo lipitire pomwepo. Paipi imalola diso limodzi basi. Ayambe kusuzumira ndi mayi awo.