Achimwene afotokoza ntchito ya Shamsa, nikah yagwedezeka

Aphungu,

Ndine mayi wogulitsa mpunga pamsika kuno ku Nkhotakota, ndipo mutu wanga waima. Mwana wanga Shamsa amagwira ntchito mu labu ku Blantyre. Mmene amandiuzira, m'thupi mwathumu muli malangizo ambirimbiri otengera kwa makolo, ndipo ena mwa iwo palibe akudziwa ntchito yake. Ndiye kulabuko amatenga langizo limodzi n'kuliika m'tizilombo tosaoneka ndi maso, tizilomboto n'kupanga puloteni yofanana ndi ya munthu. Puloteniyo amaiyeza kuti aone ngati ikukhudzana ndi matenda. Ine ndinamvetsa, ngakhale anandibwerezera mpaka kutopa.

Tsopano wapezeka mnyamata, Tahiru, mphunzitsi wa ku Ngala. Akwawo anabwera kudzakambirana za nikah, ukwati wathu wa Chisilamu. Mwambo wathu mukuudziwa: mtsikana amakhala pamkeka, nkhope pansi, osayankhula, womuyankhulira ndi amalume. Amalume akewo ndi achimwene anga a Swaleh, asodzi, munthu amene chibadwire sanayankhepo kuti "sindikudziwa."

A Kalilu, amalume a mnyamata, anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi mwana wathuyu amagwira ntchito yanji?" Achimwene anakhosomola kaye, n'kuyankha kuti, "Amapanga za m'thupi mwa munthu, m'mabotolo." Aphungu, pakhonde ponse anthu anayamba kunong'onezana. Mayi wina anakokera mwana wake pafupi. Ataona kuti zathina, achimwene anati akonze: "Ayi, musaope. Amaweta tizilombo n'kutisiya tifufume, ngati mmene amachitira ofulula aja." A Kalilu anadzidzimuka: "Astafirullah! Mowanso?" Kenako anafunsa kuti zopangidwazo n'zantchito yanji. Achimwene, mosaphethira: "Eni akenso sadziwa."

Ndinaona Shamsa akudzutsa mutu kuti ayankhe. Ndinamutsina, chifukwa ndinaopa kuti angati sanalangidwe. Alendo tiyi anamusiya m'makapu.

Uthenga wabwera tsopano kuchokera kwa a Kalilu: Shamsa asiye ntchito yosadziwika mutu wakeyo, apo ayi nikah palibe. Mwana wangayu mnyamatayo amamukonda, ntchitoyonso anaivutikira. Pamsika ena akundilambalala, ena akubwera monong'ona kudzafunsa ngati Shamsa angawapangireko impso. Ine ndikufuna mwana wanga akwatiwe mwaulemu. Kodi ndimuuze asiye?

R.S., Nkhotakota


Mayi R.S.,

Mundikhululukire, ndayamba ndaseka, chisoni chabwera pambuyo. Mwana wanu si mfiti, ndipo safulula. Puloteni si chiwalo, simungaione n'komwe ndi maso, ndiye ofuna impsowo auzeni agule mpunga azipita.

A Kalilu musawade. Inunso mutamva zimene anamvazo, tiyi mukanamumaliza? Vuto ndi lakuti pakhondepo panali munthu mmodzi yekha woidziwa nkhaniyi, ndipo inu munamutsina.

Chitani izi. Musayitanitsenso ankhoswe, pakuti kumeneko mwambo umutsekanso pakamwa Shamsa. Aitaneni akwawo kwa mnyamatayo kudzangocheza basi, tsiku wamba, pomwe mtsikana angayankhule popanda wina kumuyesa wamwano. Afotokoze yekha, awaonetse zithunzi za kulabuko pafoni, afunse mpaka mafunso awathere. A Swaleh tsiku limenelo muwapemphe akaone maukonde awo.

Shamsa akawafunse ngati kwawoko kuli wodwala shuga amene amabaya jakisoni wa insulini. Mankhwala amenewo ndi puloteni ya munthu yopangidwa ndi tizilombo, m'njira yomweyi. Ngati mitima ikukayikabe zoti mwina n'zaharamu, pitani nonse kwa shehe, koma shehe amve kuchokera kwa Shamsa, osati kwa amalume.

Zoti eni ake sadziwa ntchito ya zinthuzo, achimwene anu pamenepo analasa, ndipo si zamanyazi. Akanadziwa kale, akanafufuziranji? Matenda ambiri akutimaliza chifukwa palibe anakhala pansi kufufuza zosadziwikazo.

Koma pali munthu amene m'kalata yanu sindinamumve mawu. Tahiru ali kuti? Mphunzitsi wathunthu, wodziwa bwino ntchito ya bwenzi lake, wangokhala duu amalume ake akutumiza uthenga wotere? Shamsa amufunse maso ndi maso ngati mawuwo ndi akenso. Ngati si ake, apite yekha akawauze akwawo nikah isanachitike. Ngati ndi ake, bola mwadziwiratu.

Chenjezo langa ndi ili, mayi: mawu oti "siya ntchito" asatuluke pakamwa panu. Akachokera kwa a Kalilu, Shamsa alira tsiku limodzi n'kuwayankha. Akachokera kwa mayi ake, amvera, ndipo mkamwini mumupezadi. Koma mwana amene azidzabwera kudzakuonani pa Idi adzakhala uja wa pamkeka, nkhope pansi, wopanda choti akuuzeni.

Aphungu